Wokwezedwa ali ndi ngongole: uphungu kwa ana a ku Rumphi

Ana anga, ndi inu adzukulu amene mwamwazikana ku Mzuzu, ku Lilongwe, ku Zomba, ku Blantyre mpaka ku Johannesburg, tchereni khutu. Kwathu kuno ku Rumphi timayankhula Chitumbuka, koma ndalemba m'Chichewa dala, chifukwa ambiri a inu munakulira m'tauni, ndiponso ndikufuna kuti anzanu a m'zigawo zina amve nawo. Pali mawu awiri amene mudzakumana nawo m'mabuku ndi m'nyuzipepala za Chingerezi, pamene iwo si Chingerezi ayi. Mawuwo ndi noblesse oblige. Ndi a Chifalansa, Angerezi anachita kubwereka. Ndikufuna muwadziwe bwino ndi kumawatchula molondola, koma chachikulu n'chakuti muzindikire kuti akunena za inu.

Musadabwe kupeza Chifalansa m'kati mwa Chingerezi. M'chaka cha 1066 William, wolamulira wa ku Normandy kumpoto kwa France, anaoloka nyanja n'kugonjetsa England. Kwa zaka pafupifupi 300 a kunyumba ya mfumu, akuluakulu a boma ndi oweruza milandu ankayankhula Chifalansa, Chingerezi chili cha anthu wamba, ndipo lamulo loti milandu izikambidwa m'Chingerezi linadzabwera mu 1362. Pambuyo pakenso Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha akazembe ndi anthu ophunzira ku Ulaya konse, choncho kubwerekako sikunaleke. Zina zinafika mpaka kuno. Zilembo za RSVP zimene mumaika m'munsi mwa khadi la ukwati ndi chidule cha mawu a Chifalansa opempha woitanidwa kuti ayankhe ngati abwera kapena ayi. Asilikali akalanda boma, wailesi imati kwachitika coup d'état. Kosinthira ndalama zakunja mumaona chikwangwani cha bureau de change.

Noblesse ndi gulu la anthu obadwira m'mabanja aulemu, aja anali ndi minda ikuluikulu ndi maudindo ongolowa m'malo mwa makolo. Oblige ndi mneni, ndipo akutanthauza kukakamiza kapena kumanga. Ndiye mawu awiriwa ndi chiganizo chathunthu: ukulu umamanga mwini wake. Wobadwira pabwino kapena wokwezedwa alibe ufulu wochita zimene afuna; ayenera kukhala ndi khalidwe loyenera malo akewo ndi kusamala amene ali pansi pake. Amene anawatchukitsa ndi Pierre-Marc-Gaston de Lévis, mmodzi wa a m'mabanja omwewo, m'buku lake la malangizo la 1808. Taonani chakacho. Panali patapita zaka 19 chiyambire chipwirikiti cha 1789, pamene anthu wamba a ku France anaukira mfumu ndi mabwana awo. Mu 1790 maudindo a mabanja aulemu anathetsedwa, mu 1793 mfumu Louis XVI inadulidwa mutu, ndipo de Lévis mwini wake anachita kuthawira kunja. Munthu ameneyu anali ataona ndi maso ake zimene zimachitika akuluakulu akamadya okha anthu akugona ndi njala. Ine mawu akewo ndimawamva ngati chenjezo la munthu amene wapulumukira m'kamwa mwa mbuzi.

Potchula, nenani "noblesi oblizhi", mukokeko pang'ono "li" wa liwu lachiwirilo. Musanene "oblaiji", limenelo ndi liwu la Chingerezi ngakhale kuti awiriwa ndi pachibale. Polemba, Angerezi amatenga mawu awiriwo ngati dzina la chinthu chimodzi, sawasintha ndipo sawachulukitsa. Amati munthu wachita chakutichakuti "out of noblesse oblige", kapena kuti ali ndi "a sense of noblesse oblige", kutanthauza kuti amamva mumtima kuti malo ake akumulamula kuthandiza. Koma apa samalani. Masiku ano Mngerezi akanena mawuwa, kawirikawiri amakhala akunyogodola. Amatanthauza bwana amene akupatsa uku akuyang'ana wolandirayo ndi diso lonyoza, wothandiza kuti atamandidwe, amene safuna n'komwe kuti wosaukayo adzafike pamene pali iye. Choncho musadzawalembe pofotokoza za inu eni, kaya m'kalata yofunsira ntchito kaya pa mwambo umene mwaitanidwa kukhala mlendo wolemekezeka. Wodzinenera yekha mawu amenewa wadziika pa mpando wa mabwana, ndipo omva adzamuseka. Ngati mukuyamikira wina, chiganizo chonse chisonyeze kuti mukuyamikiradi.

Zakatchulidwe ndi kalembedwe zithere pomwepo. Mfundo yake yeniyeniyo si yachilendo kwa ife. Mbiri ya ku Nkhamanga imati Mlowoka, kholo la ufumu wa Chikulamayembe, ataoloka nyanja kudzagula minyanga ya njovu, sanalowe ndi nkhondo. Ankapereka nsalu, mikanda ndi makasu kwa eni dziko, ndipo anthu anamulemekeza chifukwa cha dzanja lakelo. Akatswiri a mbiri amati kupatsako kunalinso nzeru ya malonda, ndipo sindikuwatsutsa. Koma chimene anthu anasunga, chimene chimakumbukiridwa tikasonkhana ku Bolero pa mwambo wa Gonapamuhanya, n'chakuti mkulu amadziwika ndi zimene amagawa. Pakhomo pa mfumu mlendo sagona ndi njala, ndipo mfumu yothawa maliro kapena yoweruza mokondera anthu amaisamukira.

Mwina wina akuti, "Agogo, ine si wa banja lachifumu, izi sizikundikhudza." Zikukukhudza, mwana wanga, chifukwa ukulu wa masiku ano ukudzera m'sukulu, ndipo sukulu inafika kwathu kuno msanga kuposa madera ambiri. Dr Robert Laws ndi anzake a ku Scotland anafika ku Cape Maclear mu 1875, anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenako mu 1894 anakwera phiri la Khondowe n'kumanga Livingstonia imene tikuidziwa lero. Kumeneko anatsegula sukulu ya Overtoun Institution, yophunzitsa aphunzitsi, abusa, makalaliki, amisiri a matabwa, omanga nyumba, osindikiza mabuku ndi othandiza madokotala. N'chifukwa chake boma lathu limatchulidwa pakati pa maboma amene anthu ambiri amadziwa kulemba ndi kuwerenga. Mwana wa ku Rumphi amabadwa agogo ake atagwirapo kale buku, ndipo mwayi umenewo sanaukhetsere thukuta. Onjezerani apo amayi amene anagulitsa nyemba, abambo amene anathyola khofi ku Phoka kapena kusoka fodya m'chigwa cha Henga kuti fizi ipezeke, ndi mlongo uja anasiyira panjira kuti inu mupitirire. Satifiketi ili ndi dzina lanu lokha, koma amene anailipira ndi ambiri. Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Tsopano dzina la sukulu ija, Overtoun, lili ndi nkhani imene ndikufuna muisunge, chifukwa ndi pamene pagona msampha woyamba. Lord Overtoun, dzina lake lenileni John Campbell White, anali mponda matiki wa kufupi ndi Glasgow, mkulu wa mpingo, amene anathira ndalama zambiri pa mishoni ya Livingstonia. Chuma chake chinkachokera ku fakitale ya banja lake yopanga mankhwala a chrome ku Shawfield, ku Rutherglen. Mu 1899 antchito a pa fakitaleyo ananyanyala ntchito, ndipo Keir Hardie, womenyera ufulu wa antchito, anasindikiza poyera mmene anthuwo ankakhalira. Ankagwira ntchito maola 12 pa tsiku popanda nthawi yopuma kuti adye, ambiri masiku onse asanu ndi awiri a pa sabata, pa malipiro ochepa. Fumbi la mankhwalawo linkawatulutsa zilonda ndi kuwaboola kafupa ka pakati pa mphuno. Chonsecho bwana wawoyo ndiye anali patsogolo kulimbikitsa kuti tsiku la Sabata lizisungidwa. Mpaka lero nthaka ya kumeneko ikadali ndi poizoni wa fakitale imeneyo.

Ine sindinena izi kuti tinyoze sukulu imene inatitsegula maso. Ndalama za munthu ameneyu zinagwira ntchito yabwino pa Khondowe, ndipo zipatso zake tikudya mpaka lero. Koma mtima umandiwawa ndikaganiza kuti mbali ina ya njerwa zimene agogo athu anaphunziriramo inalipiridwa ndi mphuno za anthu osauka a ku Scotland. Munthuyu anali wopatsa kwa anthu akutali amene sanawaonepo, ali wouma mtima kwa amene ankamugwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Ndipo khalidwe limeneli ndimaliona kuno kwathu.

Fodya wa ku Bolero, ku Mhuju ndi ku Hewe kwa zaka zambiri wakhala akulimidwa ndi matenanti, ambiri ochokera m'maboma ena. Munthu amabwera ndi mkazi ndi ana, amalima kuyambira ku nazale mpaka fodya atalowa m'chigafa, chaka chonse akudya chimanga cha ngongole. Mabelo akagulitsidwa ku okushoni ku Mzuzu, mwini munda amachotsera chimanga chija, mchere, sopo, mankhwala, ndipo nthawi zina tenanti amatsala wopanda ngakhale ndalama yokwerera basi kubwerera kwawo. Ana ake amakhala akusoka fodya pamene ana a mwini munda ali m'kalasi. Nyumba ya Malamulo inathetsa utenanti mu 2021, koma lamulo la papepala silisintha mtima wa munthu. Ndiye mumapeza mwini munda yemweyo Lamulungu ali kutsogolo m'tchalitchi, dzina lake likuwerengedwa kuti wapereka matumba a simenti, anthu akuomba m'manja. Ena a inu minda imeneyi mudzailandira kwa makolo anu. Ena muli kale ndi mtsikana wantchito m'nyumba, mlonda wa usiku, mnyamata woweta ng'ombe kumudzi. Ngongole ya wokwezedwa imayambira pa anthu amenewa. Musanakamwaze ndalama pa perekaniperekani wa ukwati wa mnzanu, dzifunseni ngati mlonda wanu walandira za mwezi watha, ngati mtsikana wantchito amapuma tsiku limodzi pa sabata, ngati akadwala mumamuperekeza kuchipatala kapena mumangomutumiza kwawo. Ngati mtsikanayo ndi wa msinkhu wa sukulu, malo ake ndi m'kalasi, pamodzi ndi ana anu.

Msampha wachiwiri ndi wobisika kuposa woyambawu, ndipo nawonso tinauona pa Khondowe pomwepo. Charles Domingo anabwera ali mwana kuchokera ku Quelimane, anakulira pa mishoni, anakhala mphunzitsi waluso, ndipo anamaliza maphunziro a ubusa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Anadikira kudzozedwa chaka ndi chaka, amishoni akungoti nthawi sinakwane, mpaka anatopa n'kuchoka cha m'ma 1908. Abusa oyamba achikuda a Livingstonia, Yesaya Zerenji Mwasi, Hezekiah Tweya ndi Jonathan Chirwa, anadzozedwa mu 1914, patapita zaka 39 chifikire mishoni m'dziko muno. Ngakhale Mwasi yemweyo anadzachoka mu 1933 n'kuyambitsa mpingo wake, atatopa ndi kutengedwa ngati mwana. Amishoni ambiri anali anthu odzipereka, ena anasiya mafupa awo kuno chifukwa cha malungo. Koma kuphunzitsa munthu kunawapepukira kusiyana ndi kumuvomereza kuti tsopano wafanana nawo. Apa ndi pamene Angerezi a lero amanyogodolera mawu aja, ndipo akulondola.

Inunso mudzayesedwa momwemo. Mudzalipirira mwana wa mchimwene wanu sukulu, ndipo tsiku lina adzakutsutsani pa msonkhano wa banja, kapena adzasankha ntchito imene inu simunaifune, mwinanso adzakuposani malipiro. Mtima udzafuna kunena kuti, "Popanda ine ukanakhala ndani?" Mawu amenewo amezeni. Amene amakumbutsa wolandira tsiku ndi tsiku za thandizo lake wasandutsa thandizolo chingwe. Musajambule wamasiye akulandira thumba la ufa n'kumuika pa Facebook. Musatchule pagulu dzina la amene munamukongoza. Cholinga chothandizira munthu n'choti tsiku lina asadzakufuneninso, ndipo tsikulo likafika muyenera kukondwa.

Alipo amene anaimvetsa nkhaniyi. Levi Mumba, wa ku Mzimba, atamaliza maphunziro pa Overtoun akanatha kungokhala kalaliki wolemekezeka n'kumasamala banja lake. M'malo mwake anathandiza kukhazikitsa North Nyasa Native Association mu 1912, bungwe loyamba la mtundu umenewu m'dziko muno, n'kumalembera boma la atsamunda madandaulo a anthu amene sankadziwa kulemba. Mu 1944 anakhala pulezidenti woyamba wa Nyasaland African Congress. David Kaunda, wophunzira wina wa Livingstonia, anapita kukaphunzitsa ndi kulalikira ku Chinsali cha m'ma 1904, pakati pa anthu a chiyankhulo china, ndipo mwana wake Kenneth anadzakhala pulezidenti woyamba wa Zambia.

Wa kwathu kwenikweni ndi Chakufwa Chihana, mwana wa ku Mhuju. Anali atakhalapo kale m'ndende zaka zingapo m'zaka za m'ma 1970 popanda kuzengedwa mlandu. Pofika 1992 anali mlembi wamkulu wa bungwe logwirizanitsa mabungwe a antchito kumwera kwa Africa, munthu wodziwika kunja, woti akanatha kukhala ku Lusaka kapena ku Ulaya n'kumayankhula ali pabwino. Patangopita mwezi umodzi maepiskopi a Katolika atatulutsa kalata yawo ya pa 8 Malichi, iye anakwera ndege kubwerera kumudzi akudziwa chimene chikumudikira. Pa 6 Epulo 1992 anatsika pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe, anayamba kuwerenga mawu opempha ndale za zipani zambiri, ndipo apolisi anamugwira pomwepo. Anatuluka m'ndende patangotsala masiku ochepa kuti Amalawi aponye voti ya riferendamu ya pa 14 Juni 1993. Ndale zake za pambuyo pake zinagawa anthu, ndipo ngakhale kuno kwawo alipo amene anakhumudwa nazo. Koma pa tsiku lija anachita chimene munthu wokwezedwa ayenera kuchita: dzina lake ndi maphunziro ake anazitenga ngati chifukwa choti ayambe ndiye kulowa pangozi, pamene mlimi wamba sakanamveka n'komwe akanayankhula.

Ndikudziwa dandaulo lanu, chifukwa ndimalimva. Mumati malipiro akangolowa foni imayamba kulira, uyu akufuna feteleza, uyu za chipatala, uyu za maliro, ndipo mwezi usanafike pakati mwatsala manja lendelende. Dandaulolo ndi loona. Udindo umene ndikunenawu sutanthauza kuti muzipatsa aliyense wotambasula dzanja, kapena kuti ana anu azigona ndi njala kuti msuweni akamwere mowa pa Rumphi boma. Khalani pansi ndi akazi anu kapena amuna anu, mugwirizane zimene mungathe, musankhe chinthu chokhalitsa, monga sukulu ya mwana mmodzi kufikira amalize, ndipo enawo muwauze zoona mwaulemu kuti pano sizitheka. Kukana mosabisa n'kwabwino kusiyana ndi kulonjeza kenako n'kuzimitsa foni. Ndiponso si zonse zimafuna ndalama. Namwino akabwera ku tchuthi angathe kuona mankhwala amene agogo a pa mudzi akumwa. Wodziwa malamulo angathe kuwerengera mayi wamasiye mapepala a chuma cha malemu amuna ake abale asanamulande. Wodziwa kompyuta angathe kuthandiza mwana wa Fomu 4 kulemba fomu yofunsira malo ku koleji.

Koma chenjezo langa lalikulu lili kwa inu amene muli m'maofesi a boma ndi a makampani. Musadzabe ndalama za ofesi n'kumadzitonthoza kuti mukuthandiza abale. Tonse tikukumbukira Cashgate ya 2013, pamene ndalama za boma zinkapezeka m'nyumba ndi m'magalimoto a anthu, zipatala zilibe mankhwala. Wakuba amene amagula bokosi pa maliro aliwonse a kumudzi kwawo akadali wakuba, ndipo ena mwa maliro amenewo wawachititsa ndi iye yemwe. Chimodzimodzinso kulemba ntchito mwana wa mlongo wanu wosayenera, n'kusiya woyenera chifukwa ndi wa ku Nsanje kapena ku Dedza. Ife a kumpoto tinalira pamene aphunzitsi athu anathamangitsidwa m'zigawo zina mu 1989 chifukwa cha kumene anabadwira; tisachitire anzathu zimene zinatipweteka ife. Mukakhala pa mpando wa ofesi, amene ali pansi panu ndi aliyense wofika pa khomo lanu, wa mtundu uliwonse: gogo wodikira penshoni, mlimi wofuna chikalata cha malo, mayi amene wakhala pa mzere kuyambira m'bandakucha. Muthandizeni msanga, mumuyankhule mwaulemu, ndipo musamufunse ya fanta.

Tchuthi chikubwerachi, mukafika kumudzi, musangothera pa shopu ndi anzanu. Pitani ku sukulu ya pulayimale imene munaphunzira, kaya ndi ku Nchenachena, ku Mlowe, ku Katowo kapena ku Chitimba, mukaonane ndi aphunzitsi aakulu. Afunseni kuti ndi mwana uti wa Sitandade 8 amene anasankhidwa kupita ku sekondale koma wakhala pakhomo chifukwa chosowa yunifolomu, nsapato kapena ndalama yogonera. Mukakambirane ndi makolo ake mwakachetechete, ndipo temu ikamayamba mwanayo akapezeke m'kalasi.